Nambala Leveni Anakwera Nafe

Mwandifunsa kangapo chifukwa chimene ndimati ndikaliza injini, katundu atamangidwa, anthu onse atakwera, ndimayamba ndakhala kaye phee dzanja lili pagiya. Ena mumati ndimapemphera. Ayi, kupemphera ine ndimamalizira kunyumba. Ena mumati ndi ukalamba. Umenewonso ulipo, koma si umenewo. Tembenuzani chimangacho chingapserere, sunthirani kuno kuli makalaku. Poti ogula tomato wathu afika mawa, nthawi tili nayo.

Kalelo, lole yangayi isanayambe kutsokomola, ndinkanyamula timu ya mpira ya koleji ya aphunzitsi ija ili kuseri kwa phiri la kwathu. Lole yomweyi, dzina lake Tifikabe. Pakati pa sabata inkanyamula mbuzi, makabichi ndi matumba a mtedza. Loweruka ndinkaitsuka, kuikamo mabenchi, n'kunyamula anthu ophunzira. Kusiyana kwake kunali kochepa, kungoti mbuzi siziimba. Mtengo wake tinakambirana ndi akuluakulu a koleji masiku atatu. Iwo anali ndi madigiri, ine ndinalekezera Sitandade 4, koma pomaliza anandithokoza ndi manja awiri chifukwa chowachotsera zimene ndinali nditawonjezera dala m'mawa womwewo.

Timuyo inkatchedwa Mavu. Inkasewera mu ligi ya makoleji, ndipo lamulo la ligiyo linali loti timu yokhala kumchira pakutha kwa chaka izituluka. Mavu anali asanatulukepo. Mphunzitsi wa timu anali a Msukwa, omwe m'kalasi ankaphunzitsa sayansi, munthu wosakhulupirira kanthu kalikonse kamene sikangalowe m'botolo. Kaputeni anali Wedisoni Phalula, wosewera pakati, wosalankhulalankhula. Ndiye panali Yotamu Chadzunda, nambala leveni, wothamanga m'mphepete mwa bwalo cha kumanzere. Wamtali, wowonda ngati nsungwi, woseka ndi m'kamwa monse. Awiriwa anakulira m'midzi yoyandikana. Anayamba ndi mpira wa mapepala womanga ndi luzi, sukulu imodzi, mphasa imodzi, mpaka chipinda chimodzi kukoleji. Pabwalo Wedisoni sankacheuka n'komwe. Ankangomva mawu akuti, "Wedi, kuno!" n'kuponya mpira kumanzere, ndipo Yotamu ankapezeka pomwepo ngati wachita kumera.

Vuto la Yotamu linali kuchedwa. Chaka china tinakasewera kutali, pobwerera tinamuiwala ali kuseri kwa sitolo akusankha nzimbe. Anagona pakhonde la eni ake, n'kuyenda wapansi tsiku lonse, kufika mapazi atatupa ngati maungu. Wedisoni analira ngati woyenda anali iyeyo. Kuyambira tsiku limenelo Mavu anakhazikitsa mwambo: lole isanyamuke mpaka kaputeni ataimirira kumbuyo n'kuitana dzina lililonse, kuyambira goloboyi mpaka wotsiriza pabenchi, ndipo aliyense ayankhe yekha. Ena ankati "Ndilipo," ena "Wawa." Yotamu sankayankha ndi pakamwa, chifukwa nthawi zonse ankafika akuthamanga, mpweya utamuthera. Ankangomenya chitsulo cha lole kawiri ndi chikhatho, gu! gu! uku akudumphira mkati, n'kukakhala pakona yake ya kumbuyo kumanzere. Ine kutsogolo ndikamva kawiri kameneko, ndinkadziwa kuti takwana, n'kulowetsa giya.

Chaka chimene ndikunenachi tinachiyamba bwino. Masewero oyamba tinapambana zigoli zitatu kwa chimodzi, ziwiri za Yotamu. Lolemba anadandaula mutu. Lachitatu tinamva kuti malungo amukwera. Lachisanu m'mawa belu la koleji linalira nthawi yosakhala yake.

Bokosi ndinanyamula ndine, timu yonse italizungulira, ulendo wa kwawo kumapiri a kumalire. Ulendo umenewo sindinalipiritse, koma musauze anthu, mungandiwonongere mbiri. Mayi ake, a Nasoko, anali amasiye, ndipo Yotamu ndiye anali mwana wawo wamwamuna yekhayo. Sanalire mokuwa. Ankangosisita bokosi ngati akugoneka khanda.

Adzukulu atatha kufotsera, malume ake a malemu, a Filimoni, anatikokera pambali.

"Inu alendo, mukasamba m'manja muzingonyamuka. Pamaliro satsanzika. Ndipo wotsalayo musamutchule."

Zimenezo ndani sazidziwa? Ngakhale ine wa Sitandade 4 ndinazidziwa ndisanamere mano achiwiri. Anyamata anakwera. Wedisoni anaimirira kumbuyo monga mwa nthawi zonse, n'kuyamba kuitana. Ndinkamuona pagalasi. Goloboyi Thomu anayankha, otchinga kumbuyo anayankha, mpaka nambala teni, Lakisoni. Kenaka kunati zii. Wedisoni anayang'ana kanjira ka kumanda, komwe fumbi la anthu linali lisanakhazikike, n'kuitana.

"Yotamu Chadzunda!"

Mayi wina amene ankadutsa ndi ndowa anaima n'kugwira pakamwa.

Gu! Gu!

Ndipo lole inatsika pang'ono, kumbuyo cha kumanzere. Munthu wa malonda a mbuzi safuna sikelo. Tifikabe ndimamudziwa ngati msana wanga: akakwera mwana ndimamva, akakwera apongozi onenepa ndimamva. Tsiku limenelo anakwera munthu wamtali wowonda.

A Msukwa anali ataima pafupi ndi windo langa. Anakonza magalasi.

"Ndi chitsulo chimenecho, a Chigwenembe. Chikatentha chimafutukuka, chikazizira chimabwerera m'malo. Zosavuta."

"Inde, aphunzitsi," ndinatero. "Kungoti chitsulochi ndakhala nacho zaka khumi, koma sichinawerengepo mpaka ziwiri."

Palibe anaseka. Ndinalowetsa giya.

Panjira tinaima pakamsika kena kuti anyamata anyowetse kukhosi. Mayi wogulitsa nzimbe anabwera ndi mtolo wake, n'kugawira aliyense kampindi. Atafika kumbuyo anatambasula dzanja.

"Nanga achimwene ataliwo pakonapo, nzimbe sadya?"

"Ati?" anafunsa Thomu.

"Awo akhala... Aa. Atsika kodi?"

Anayang'ana pansi pa lole, anayang'ana nkhope zathu, n'kusenza mtolo wake. Ndakhala m'misika moyo wanga wonse, koma aka kanali koyamba kuona wamalonda akuchoka pomwe pali ogula khumi ndi asanu ndi atatu.

Kukoleji zinayamba pang'onopang'ono. Mipira inkatsekeredwa m'kachipinda, kiyi ali m'thumba mwa a Msukwa. M'mawa uliwonse umodzi unkasowa. Ankaupeza kubwalo, pakona ya kumanzere, uli chinyezi ndi mame. Anasintha loko, mpira unatulukabe. A Jailosi, wotchetcha bwalo, anabwera kudzandiuza ine, poti ophunzira akanawaseka.

"Udzu wamera paliponse, mpaka pagolo pomwe. Koma m'mphepete umo muli kanjira kofiira, ngati munthu amathamangamo tsiku ndi tsiku. Nditchetche chiyani pamenepo?"

Pamalo pa Yotamu anaikapo mnyamata wa chaka choyamba, Binwelo, wamphamvu ndithu. Anamupatsa jezi ya nambala leveni itachapidwa bwinobwino. Anaivala kamodzi, n'kuivula asanafike pabwalo.

"Ndi yofunda, aphunzitsi. Ngati wina wangoivula kumene."

Anapempha nambala seventini.

Masewero achiwiri anali pakhomo. Wedisoni analanda mpira pakati, anapyoza awiri, ndipo osacheuka anauponya kumanzere. Mpira wokoma, woyezedwa. Koma unagwa mapazi khumi kutsogolo kwa Binwelo, pamalo popanda munthu, n'kugubuduka kutuluka. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu ochemerera anayamba.

"Akapu, mukupatsira udzu?"

"Mugulireni magalasi ameneyo!"

Tinagonja ziwiri kwa duu. Sabata yotsatira zitatu kwa chimodzi. Ndipo sanali Wedisoni yekha ayi. Lakisoni naye anayamba kuponya komweko. Thomu akamenya mpira kuchokera pagolo, unkakhotera komweko. Timu zina zinazindikira msanga: zinkangoika munthu mmodzi wodikirira mphatso kumanzereko.

Pobwerera tsiku lina ndinamva Thomu akunong'oneza Lakisoni.

"Aise, nawenso umamva?"

"Usandifunse."

"Ndiye kuti umamva."

Kumasewero achisanu, kwa eni ake, woyimbira anali bambo wachikulire wa imvi. Asanayambitse anawerenga osewera ndi chala monga amachitira. Analiza wenzulo.

"Mavu, mwachuluka. Mmodzi atuluke."

"Tilipo leveni, bwana," anatero Wedisoni.

Bambo aja anawerenganso. Leveni. Anabwerera pakati, anatembenuka, chala chinayendanso, n'kuima chitaloza m'mphepete mwa bwalo. Anakhala choncho kanthawi. Kenaka anapukuta nkhope ndi mpango, n'kuyambitsa mpira. Masewero onsewo sanapondeko mbali imeneyo ngakhale kamodzi.

Tsono munthu akamira amagwira ndi thovu lomwe. Ophunzira, anthu oti mawa lake akaphunzitse ana athu, anagwirizana kuti timu zina zikuwakhwimira. Anapita kwa sing'anga wina kuseri kwa msika. Iye anawauza kuti azilowa m'bwalo chafutambuyo, ndiponso apake mafuta a nkhumba pamitengo ya golo. Mafutawo anagula kwa ine. Ndinawauza kuti nkhumba yake inali yolusa, yoluma anthu, ndiye mtengo unakwererako. Loweruka linthumbu linamva fungo, n'kudzaza golo yonse. Thomu anatha chigawo choyamba akuvina, ochemerera akumuwombera m'manja. Zinayi kwa duu.

A Msukwa anawakalipira kwambiri za kukhulupirira zopanda umboni. Koma iwo omwewo anali atasamuka pabenchi ya kumbuyo n'kumakhala kutsogolo ndi ine. Ankati mphepo imawapatsa chifuwa. Unali mwezi wa Okutobala, mphepo yake yowotcha ngati ya m'uvuni.

Mundifunsa kuti bwanji sitinamuletse Wedisoni. Chifukwa ulendo uliwonse, popita ndi pobwerera, ankaitanabe dzinalo. Akafika pa Lakisoni, onse ankaweramitsa mitu. Iye n'kuitana. Gu! Gu! Lole n'kutsika.

Ndisakunamizeni. Sitinamuletse chifukwa tonse tinkadikira. Mantha analipo, tsitsi linkaima ndithu, koma pansi pa manthawo panali kanthu kena kofunda. Mnyamata uja ankandibweretsera nzimbe, ankanditcha "Madala a giya", ankandiseka kuti Tifikabe amathamanga pokhapokha akamatsika phiri. Ndikamva kawiri kaja, kwa kamphindi kamodzi zinkakhala ngati belu lija silinalire. Nyimbo pa lole zinatha, koma tikamatsika chitunda cha kumlatho, pomwe kale Yotamu ankayambitsa nyimbo, pankamveka zala zikuimba pachitsulo pang'onopang'ono. Anyamata ankangoyang'ana manja awo, aliyense ali nawo pamaondo.

Woyamba kutopa anali Binwelo. Anabweza jezi tsiku lina titangotsika.

"Akapu, pepani. Ine ndimasewera ndi munthu kutsogolo kwanga. Ndikathamanga ndimamva kupuma kwake. Ndikafuna kulandira mpira, ndimachita manyazi ngati ndikulanda mbale ya mkulu wanga. Malo aja ali ndi mwini wake."

Wedisoni sanamunyengerere. Ndipo sanapemphe wina. Kuyambira pamenepo aliyense woikidwa kumanzere ankathawira pakati yekha, Mavu n'kumasewera ngati mbalame ya phiko limodzi.

Wedisoni anayamba kutha. Kolala ya malaya inamukulira. Ophika anati amatenga mbale ziwiri, imodzi n'kuisiya pawindo. Anzake anati chitseko cha chipinda chake sakhoma. Masana ena anandipeza ndikumata chubu pansi pa mtengo wa mango, anakhala patayala, osanena kanthu. Pamalonda ndinaphunzira kuti woyamba kulankhula ndiye amagonja, choncho ndinapitiriza kumata.

"Madala," anatero pomaliza, "anthu akuti ndinaiwala tsiku lija. Akuti pakamwa panangozolowera."

"Akutero."

"Sindinaiwale."

"Ndinakuona pagalasi."

"Titamusiya ulendo uja wa nzimbe, ndinamulonjeza kuti bola ine ndili kaputeni, lole sidzanyamukanso iye ali pansi. Ndiye tsiku lija ndikanatani? Ndikanalumpha dzina lake ngati dzina la munthu wothawa sukulu? Kumusiya yekha m'mitengo muja, dzuwa likulowa?"

"Nanga tsopano ukuti akusangalala? Timu ili kumchira."

"Ligi ndi chiyani, madala? Ine ndimamumva. Kawiri, katatu pamasewero alionse. Ndikaponya mpira uja ndimadziwa kuti utuluka. Koma akaitana, ndingamumane?"

Ndinangopopa chubu.

Masewero otsiriza anali oti tikasewere kutali, Loweruka. Nkhani yake inali yachidule: tikapambana titsala mu ligi, tikagonja kapena kulephera kufika tatuluka. Lachinayi lake ndikuchokera kumsika, chakumasana, nkhungu itaphimba phiri, ndinaona munthu akuyenda yekha m'mbali mwa msewu. Mayi wa duku lakuda, nsapato zili m'manja, mapazi oyera ndi fumbi. Ndinaima. Anali a Nasoko.

"Mayi, lowani kutsogolo kuno."

Anazungulira lole, n'kukaima kumbuyo cha kumanzere. Anaika chikhatho pachitsulo. Mu lole munali madengu opanda kanthu okhaokha. Anaima choncho nthawi yaitali, nkhungu ikutidutsa.

"Pano ndiye pamene amakhala?"

Sindinawauzepo ine. Ndinangovomera ndi mutu.

"Miyezi isanu ndi umodzi sindinamulote, bambo. Ndimapita kumanda, ndimasesa, ndimalankhula. Manda a bambo ake amandimva, ndimadziwa. Koma a mwana wanga ali pululu ngati nkhokwe ya mwezi wa njala. Ndiye mayi wina wa ndowa wandiuza zimene anaona tsiku lija."

Nditawafikitsa kukoleji anakhala pansi pa mtengo, timu yonse itawazungulira. Anafotokoza kuti afulula mowa wa bona, uja amaphika pomaliza maliro kuti wopitayo akhazikike pakati pa makolo ake. Abale asonkhana, ena ochokera kutsidya kwa malire. Tsiku lake Loweruka.

A Msukwa anakonza magalasi.

"Mayi, tamva, ndipo pepani kwambiri. Kungoti Loweruka tili ndi masewero ofunika. Tibwera Lamlungu m'mamawa."

"Mowa ukapsa sudikira mpira, aphunzitsi. Akuluakulu akuti akapanda kupezeka tsiku limenelo, chitseko chitsekedwa iye ali kunja. Adzakhala wa panjira. Inu mudzamaliza sukulu, mudzabalalika, galimoto iyi idzawola. Iye azidzakwera chiyani?"

Wedisoni anagwada patsogolo pawo.

"Amayi, masewero amodzi okha. Ndimumve kamodzi kokha."

A Nasoko anamugwira kumutu ngati mwana wawo.

"Wedi, iwe wakhala naye miyezi isanu ndi umodzi. Ine ndinamubereka."

Ndinawaperekeza pokwerera basi.

Loweruka m'mawa anyamata anakwera atanyamula nsapato ndi majezi. Wedisoni anaitana mayina. Gu! Gu! Tinanyamuka. Palibe anatchula komwe tikupita.

Msewu umenewo uli ndi mphambano pamkuyu waukulu: kuwongoka ndi kumasewero, kukhota ndi kumapiri. Nditafika pamkuyupo ndinaima, ndinazimitsa injini, n'kunena kuti ikufuna madzi. Inali isakufuna kanthu. Ndinatsegula boneti n'kumayang'ana mawaya ngati ndikuwaona koyamba.

"A Chigwenembe, nthawi!" anatero a Msukwa.

"Injini ilibe wotchi, aphunzitsi."

Kunkangomveka njiwa mumkuyu. Kenaka Thomu analankhula, mawu otsika.

"Akapu, ligi imabweranso."

"Ukudziwa chiyani iwe?" anatero Wedisoni, koma mawu ake analibe mano.

"Ndikudziwa kuti nanenso ndimusowa. Tonse. Koma wathamanga mokwanira, aise. Miyezi yonseyi osapuma, osagwira mpira ngakhale kamodzi."

Ndinasuzumira kuseri kwa boneti. Wedisoni anali ataimirira, akuyang'ana pakona paja. Pabenchi panali danga la munthu mmodzi, lomwe miyezi yonseyi palibe anayesa kukhalapo ngakhale lole itadzaza bwanji. Wedisoni anatembenuka. Anayang'ana a Msukwa. A Msukwa anavula wenzulo m'khosi, anakulunga chingwe chake bwinobwino, n'kuika m'thumba.

"Pamenepa sayansi ilibe mawu, kaputeni. Zili kwa iwe."

Wedisoni anapukuta maso ndi jezi.

"Madala, tsekani bonetiyo. Khotani."

Tinafika dzuwa lili pamutu. Anthu anali atadzaza pabwalo la a Nasoko, mitsuko ili pamthunzi, koma palibe anali atamwa. Ataona lole, onse anaimirira n'kupatuka, kusiya njira yochokera kumbuyo kwa lole mpaka kukanjira ka kumanda. Anyamata anatsika mmodzimmodzi. Ndinayang'ana Tifikabe. Anali chipendekere kumanzere, wopanda munthu.

A Nasoko anafika pafupi.

"Yotamu, bambo wanga, wafika kwanu. Tsika."

Mphepo inagwedeza masamba a nthochi. Lole sinasunthe. Anaitananso, ndi dzina lina la paubwana lomwe ife sitinkalidziwa. Chimodzimodzi. A Filimoni, malume aja, anapukusa mutu.

"Mlongo, sakukana iwe. Akudikira mwini mawu. Amene anamukweza ndiye amutsitse."

Maso onse anapita kwa Wedisoni. Iye anakwera m'lole, n'kutenga mpira uja unkasowa m'mawa uliwonse. Anauika pansi, pafumbi, n'kuuponda.

"Yota," anatero. "Aise. Tafika. Lero lole inyamuka iwe uli pansi. Ndine ndikukusiya, si wina ayi. Undikhululukire."

Panapita kanthawi. Zimene anamva sindikudziwa, ine sindinamve kanthu. Ndinangoona mutu wake ukutembenuka pang'ono, monga ankachitira pabwalo, ndipo nkhope yake inawala ndi misozi ili pomwepo. Osayang'ana, anauponya mpirawo kumanzere.

Tifikabe analira masipuling'i, n'kuwongoka.

Mpira unagubuduka pafumbi, n'kumachepa mphamvu pafupi ndi nkhokwe, pomwe mpira uliwonse ukanaima. Sunaime. Unalumpha pang'ono n'kupita kutsogolo. Unachepanso mphamvu, n'kulumphanso. Pang'ono, pang'ono, ngati wokankhidwa ndi phazi lodziwa ntchito yake. Unazemba chitsa, unazemba galu amene anali atagona panjira, n'kulowa kanjira ka kumanda mpaka udzu unaubisa. Ena amati malowo ndi otsetsereka. Ine ndinayendapo ndi mapazi angawa. Ndi chitunda.

A Nasoko anakhala pansi pomwepo n'kulira, kulira kokuwa kumene sanalire tsiku la maliro. Amayi anzawo anawazungulira. A Filimoni anathira mowa pansi, n'kupereka chipanda choyamba kwa Wedisoni.

Sitinatsanzike. Dzuwa litapendeka anyamata anakwera, kaputeni anaimirira kumbuyo. Thomu, ndilipo. Otchinga, tilipo. Lakisoni, wawa. Kenaka kachete kaja. Ndinkamuona pagalasi, atagwira chitsulo ndi manja onse awiri.

"Nambala thwelofu," anatero. "Sitefano."

"Ndilipo, akapu."

Atamaliza onse, ine ndinakhalabe. Injini ikulira, dzanja pagiya, khutu kumbuyo. A Msukwa sanandifulumizitse. Palibe anandifulumizitsa. Tinadikira mpaka tinachita manyazi. Chitsulo chinali chitsulo basi. Ndinalowetsa giya, ndipo lole inakwera phiri lija mopepuka mwakuti ndinaida.

Mavu anatuluka mu ligi chaka chimenecho, kwa nthawi yoyamba. M'mabuku a koleji analemba kuti timu inalephera kufika chifukwa galimoto inawonongeka panjira. Tifikabe anasenza mlanduwo osadandaula. Kanjira kofiira kaja kanamera udzu ndi mvula yoyamba, a Jailosi n'kumatchetcha akung'ung'udza kuti ntchito yachuluka. A Nasoko ananditumizira nkhuku ndi uthenga woti anamulota akudya nzimbe pakhonde, mapazi ali m'beseni la madzi.

Wedisoni ndi hedimasitala tsopano, kwinakwake kuchigwa. Ndinamupeza chaka chatha akukweza ana a sukulu pa lole ya munthu wina, ulendo wa kumpira. Saitana mayina. Amawerenga ndi chala, milomo yotseka, kawiri, katatu. Atandiona anandikumbatira, tinafunsana za kunyumba, za mitengo ya fetereza. Pomaliza anandiperekeza mpaka pa Tifikabe, ndinakwera, ndinaliza injini. Anaima pambali, ine dzanja pagiya. Tonse awiri tinali chete, tikumvetsera.

"Mumadikirabe, madala?"

"Mnyamata uja amachedwa," ndinatero.

Ndiye mawa tikamanyamuka, mukaona ndakhala phee, musandikuwize. Ndipo ndapota nanu, mukafuna kuti ndiime panjira, muziitana ndi pakamwa. Chitsulo changa musamenye.